Mano Anayi a Mkazi wa Dokotala

Pachipatala cha mano chija panali lamulo limodzi losalembedwa pakhoma, ndipo analiika ndi Sisita: m'miyezi yotentha, makina ojambulira m'kamwa asagwire ntchito 10 koloko yam'mawa ikadutsa. Sikuti ankawamvera chisoni makinawo ayi, ankangowadziwa. Anapangidwa kumene anthu amavala majuzi chaka chonse, ndiye kuno kumene phula la pamsewu limamata nsapato masana, akangotenthedwa ankalira katatu kenako zii. Zikatero umawadikira maola awiri uku ukuwanyengerera.

Sisita anali namwino wa pachipatalapo, komanso mkazi wa Adokotala, eni chipatalacho. Anakwatirana zaka 19 zapitazo, koma pantchito amuna akewo ankamuitana kuti Sisita, ndipo dzinali linawatsatira mpaka patebulo la kunyumba, moti ngakhale mchere ankaupempha kwa Sisita. Iye anasiya kale kudandaula nazo.

Makinawo atangofika, sabata yoyamba anazima kasanu ndi kawiri. Adokotala anatukwana ogulitsa, anatukwana dzuwa, kenako anagwa mphwayi. Amene anakhala nawo pansi ndi Sisita. Kachipinda ka kumbuyo kosungiramo matsache anakasesa, mazenera n'kumata ndi makatoni ndi masiponji kuti fumbi lisalowe, n'kuikitsamo choziziritsa mpweya chaching'ono choyendera sola. M'menemo analowetsamo kompyuta ndi makina osema mano. Guluu womatira mano anamusamutsira m'furiji, chifukwa akakhala pashelefu ankauma usanafike naye m'kamwa mwa munthu. Sefa za makina ankazitsuka m'mawa uliwonse ndi mswachi wakutha. Alendo akabwera, Adokotala ankatsegula kachipindako monyadira n'kumati, "Zonsezi ndinachita kuziganiza ndekha." Sisita ankaima kumbuyo ndi mswachi wake uja m'thumba.

Ntchito ya makinawo inali yotere. Umayendetsa kachipangizo konga cholembera chonenepa m'kamwa mwa munthu, mano ake onse n'kuonekera pakompyuta. Ukatero umajambula nkhope, kompyuta n'kumukonzera mano atsopano, oongoka, oyera mbee, n'kumuonetsa mmene adzasekere. Anthu ankati akadziona pagalasi la kompyutalo, mutu unkawazungulira. Koma amene anapenga kwambiri ndi Adokotala eni ake. Kuyambira pamenepo sankaonanso munthu, ankaona ntchito yosamaliza.

Tsoka lake, kamwa yoyamba kuphunzirirapo inali ya Sisita. Mano ake akutsogolo anali ndi mpata pakati, ndipo lina la kumanzere linakwera pang'ono pa linzake. Anali mano olimba, zaka 44 popanda kabowo ngakhale kamodzi. Kompyuta inawatseka mpata, inawaongola, inawayeretsa, ndipo Adokotala anasunga chithunzicho. Nkhani inayambira pomwepo.

"Taonani mmene mungakongolere," ankatero.

"Ndaona. Ameneyo si ine."

"Anthu akumafunsa. Akuti mkazi wa dokotala wa mano bwanji ali chonchi?"

"Muziwauza kuti amatafuna bwinobwino."

Pakauntala yolandirira odwala pankakhala mlongo wawo wa Adokotala, mayi wa pakamwa posatseka, amene iye mano ake anali atakonzetsa kale ndipo ankaseka ngakhale pamene palibe choseketsa. Ameneyu ndiye ankasonkhezera moto.

"Alamu, telala sayenda ndi thalauza yong'ambika."

"Mano anga sanang'ambike, alamu. Lembani mayina a odwala."

Sisita anakana kwamtuwagalu, ndipo anali ndi chifukwa. Iye ndi amene ankagwira kapaipi koyamwa malovu Adokotala akamagwira ntchito, choncho ankadziwa zimene kompyuta sionetsa. Kuti dzino latsopano likhale, lakale limayenera kupalidwa kaye mpaka litsale kachitsa. Anaona mano abwinobwino akusanduka ufa n'kupita ndi madzi. Dzino lopalidwa silimeranso, ndipo mwini wake amakhala wa dokotala moyo wake wonse. Wofuna zimenezo azifune, ndi kamwa yake. Iye sankafuna.

Chaka chinatha akukokanakokana choncho. Kenako tsiku lina m'mawa, akutsuka sefa, Sisita anaterereka pa madzi amene anadontha pansi n'kumenyetsa kamwa pampopi. Dzino lina lakutsogolo, la kumanja, linabenthuka pakona, kachibenthu kochepa zedi, koma kakuthwa moti kankacheka lilime.

Adokotala anakayang'ana mwachifundo chimene Sisita anali asanachione kwa nthawi yaitali.

"Pepani. Tikatseka masana mubwere pampando ndikumateni. Mphindi khumi basi."

M'miyezi imeneyo chipatala chinkatseka 12 koloko n'kudzatsegulanso 4 koloko, chifukwa panalibe munthu wamisala woti n'kuyenda pamsewu nthawi imeneyo. Kumata kachibenthu sikufuna makina a kompyuta, choncho Sisita anavomera. Tsikulo kachipangizo kopimira kutentha ka pakhoma kanali pa madigiri 43. Fani ya kudenga inkangotembenuza mpweya wotentha womwewo, ndipo chikopa cha mpando chinkamata pamsana.

Atakhala, anaona Adokotala akutenga jakisoni.

"Jakisoni wa chiyani pa kachibenthu?"

"Kafika pafupi ndi mtsempha. Mukufuna mulire?"

Anamubaya kumanja. Kenako anamubayanso kumanzere. Apa Sisita anakayikira, koma munthu amene wagona naye nyumba imodzi zaka 19 sumufunsa jakisoni aliyense. Chinamudabwitsanso china: mlamu wake, amene ankanyansidwa ndi malovu a anthu moti sankaponda m'chipinda chimenechi, analowa atavala magolovesi n'kunyamula kapaipi koyamwa malovu. Anati akungothandiza. Anamuveka magalasi akuda otchinga kuwala kwa nyali, n'kumuika chokanulira milomo. Mlomo wam'mwamba unali utayamba kale kulemera, ndipo posakhalitsa sankaumvanso.

Munthu wina aliyense akanangogona phee. Koma Sisita ankadziwa zida za m'chipindamo ndi makutu. Chosalazira kachibenthu chimangonong'ona. Chimene chinayamba kulira m'kamwa mwake chinali china, chija chokhakhala chodya dzino, chimene chimalira mokweza madzi akuwaza. Fungo la dzino lopsa linamufika m'mphuno. Anadziuza kuti mwina kachibenthu kanalowa mkati kuposa mmene ankaganizira. Anawerenga mumtima mpaka makumi asanu ndi limodzi, chidacho chikuzungulirabe dzino lonse, kutsogolo, m'mbali, kunsi.

Kenako dzanja la Adokotala linasunthira kumanzere. Kachibenthu kanali kumanja.

Sisita anakweza dzanja. Mlamu wake analigwira n'kulitsitsa, n'kulikanikiza pampando.

"Dekhani, alamu. Atsala pang'ono."

Anayesa kulankhula, koma chinatuluka ndi kubuula chabe.

"Musagwedezeke," anatero Adokotala, mawu ali phee. "Mukagwedezeka ndikudulani mlomo."

Zinali zoona, ndipo iye ankadziwa kuti ndi zoona. Mawu omwewo anawauzapo odwala mazanamazana. Choncho anagona chete, misozi ikutsikira m'makutu, akumva dzino lachiwiri likutha, kenako lachitatu, kenako lachinayi. Kugona chete kumeneko ndi kumene kunadzamuwawa kwambiri pambuyo pake, kuposa mano enieniwo.

Adokotala ataima kuti asinthe kachitsulo ka chidacho, Sisita anazula chokanulira milomo, anataya magalasi pansi, n'kukankha mlamu wake mpaka thireyi ya zida inagwa. Anathamangira pagalasi la pasinki. Anakweza mlomo wadzanziwo ndi chala. Pamene panali mano ake panali tizitsa tinayi tachikasu, totalikirana, tonyowa.

"Mwandichita chiyani?" Mawu ankatuluka opunduka chifukwa cha dzanzi. "Bambo inu, mwandichita chiyani?"

"Khalani pansi, atsala awiri. Pulani ndi ya mano sikisi."

"Ndinakana! Chaka chathunthu ndikukana!"

"Mumakana chifukwa cha mantha. Ndakuchotserani manthawo. Ola limodzi lokha, mudzadziyang'ana pagalasipo n'kundithokoza."

"Ena amachita kulipira ndalama zambirimbiri, alamu," anatero mlamu uja akutola zida pansi. "Inu mwapatsidwa ulere mukulira."

Sisita anamuyang'ana. Akanakhala ndi mano, akanamuluma. Anali ndi ukali woti n'kuphwanya chilichonse m'chipindamo, koma pansi pa ukaliwo panali chisoni chozizira, chifukwa madzi akatayika saoleka. Kukuwa sikukanabweza kanthu. Anangotsamira sinki.

Adokotala anaona ngati wagonja. Anati chabwino, anayi omwewo ayambe, awiriwo adzaona tsiku lina. Anapita kukatenga chojambulira m'kamwa, chifukwa makina sangaseme dzino latsopano asanaone chitsa chimene likakhalepo. Nthawi inali itatsala pang'ono kukwana 1 koloko, dzuwa likuswa mtengo. Chojambuliracho anali atachitulutsa kale m'kachipinda kozizira kuyambira 11 koloko, n'kuchibisa m'dirowa kuti Sisita asachione. Atachiyatsa, chinalira katatu n'kuzima.

Anachigwedeza. Anachiuzira mpweya ngati akukoleza moto. Anachiyatsanso, osayaka. Anathamangira m'kachipinda kaja, n'kupeza kuti chitseko anachisiya pululu, poti m'mawa wonse ankalowa ndi kutuluka kukasuzumira pulani yawo pakompyuta. M'katimo munali motentha chimodzimodzi ndi panja. Makina osema mano anali atayatsa getsi lofiira, ndipo choziziritsa mpweya chinkangolira chopanda mphamvu.

Anatuluka thukuta lili kamukamu, nkhope itagwa.

"Sisita, tadzutsani makina anuwa."

Lero anali ake makinawo. Sisita anafuna kuseka, mlomo unakana.

"Simunati munaziganiza nokha? Dzutsani."

"Si nthawi yokangana ino. Dzanzi likatha mumva ululu. Simungakhale ndi mano otero."

Apanso ankanena zoona. Munthuyu ankanena zoona nthawi zonse akamaliza kulakwa. Dzino lopalidwa limamva chilichonse, mphepo, madzi, ngakhale lilime la mwini wake. Sisita anaima pasinkipo kanthawi. Akawasiya makinawo, akhala ndi zitsa. Akawadzutsa, avala mano a mkazi uja wa pakompyuta amene amuna ake ankamufuna. Kulikonse ake enieni anali atapita. Anasamba kumaso, n'kulowa m'kachipindako.

Anatseka chitseko, n'kutsekera mpata wa pansi ndi chopukutira chonyowa. Anazula sefa ya choziziritsa mpweya n'kupeza itadzaza fumbi la theka la tsiku, anaitsuka. Anatulutsa mabotolo a madzi oundana amene ankasunga m'furiji chifukwa cha masiku ngati amenewa, anawandandalika patsogolo pa fani yaing'ono kuti mphepo izidutsa pamenepo isanafike pa makina. Chojambulira anachigoneka pasimenti pakona yozizira.

Mlamu wake anasuzumira. "Bwanji osangochiponya mufiriza? Chizizira msanga."

"Chikatuluka chichite thukuta, galasi lake lichite nkhungu, chife chonse. Tulukani, alamu. Mukutenthetsa chipinda ndi mpweya wanu."

Anadikira. Cha m'ma 2 koloko dzanzi linayamba kutha. Linayambira m'mphuno, n'kutsikira pamlomo, kenako mano anadzuka onse anayi nthawi imodzi. Mphepo yozizira ya m'kachipindamo, imene ankaifunira makina, inkamubaya akangotsegula kamwa. Anakhala pampando atatseka pakamwa ndi dzanja, akupumira m'mphuno, akuyang'ana getsi lofiira lija. Panja ankamva amuna ake akuyendayenda, ndi mlamu wake akuwalimbitsa mtima kuti akazi ndi choncho, mawa aiwala.

Hafu pasiti 2 getsi linasanduka lobiriwira. Chojambulira nacho chinayaka.

Adokotala analowa atatsitsimuka, mpaka akuimba kamluzu. Anamujambula m'kamwa momwemo m'kachipindamo, tizitsa tinayi tija n'kuonekera pakompyuta, tikuluzikulu, tikuzungulira. Anati angosamba m'manja ndi kumwa madzi, abwere adzayambitse makina. Atangotuluka, Sisita anakhoma chitseko.

Adokotala ankaganiza kuti mkazi wawo amadziwa kutsuka sefa basi. Koma munthu sangaime kumbuyo kwa wina chaka chathunthu maso ali pakompyuta osatolapo kanthu. Sisita anatseka pulani ya amuna ake. Anafufuza chithunzi choyamba chija, cha tsiku limene ankaphunzirira pakamwa pake, ndipo anachipeza. Mano ake anali pamenepo onse, mpata uli pakati, lakumanzere litakwera pa linzake. Anawayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene zinkafunikira. Kenako anauza kompyuta kuti itengere maonekedwe omwewo, osaongola, osatseka, osayeretsa. Anasankha timiyala tosemera mano ta mtundu wofanana ndi mano ake otsala, anaika koyamba m'makina, n'kudina.

Makina atayamba kulira, chitseko chinagogodedwa.

"Sisita! Mukutani? Tsegulani!"

Sisita anapitiriza kuyang'anira makinawo akusema.

"Simukuzidziwa zimenezo! Muwononga zipangizo! Tsegulani, ndikukuuzani ine mwamuna wanu!"

"Achimwene, thyolani chitseko," anatero mlamu uja.

"Ndithyole kuti kutentha kulowe? Uli ndi nzeru iwe?"

Dzino lililonse linkatenga mphindi khumi ndi zisanu. Sisita ankachotsa lomalizidwa, kulisalaza, kuika kamwala kena. Nthawi itatsala pang'ono kukwana 4 koloko anatsegula chitseko, natuluka ndi mano anayi pa kathireyi.

Adokotala anawatola limodzilimodzi n'kuwayang'ana pa nyali. Anafiira maso.

"Mwasema zokhota zomwezo? Makina a ndalama zonsezi, mwasemera mpata?"

"Ndasema anga."

"Ntchito yonse ndagwira ija yapita pachabe!"

Mlamu uja anayandikira n'kusuzumira pathireyipo. Kenako anakoka mlongo wake malaya n'kulankhula chapansipansi, koma Sisita anamva.

"Achimwene, taganizani bwino. Mukamata amenewa, adziwe ndani?"

Sisita anaona nkhope ya amuna ake ikumasuka pang'onopang'ono. Mapewa anatsika. Anayang'ananso manowo, tsopano mowayamikira, ndipo anamwetulira.

"Komatu mwawasema bwino. Ngakhale mayi anu sangasiyanitse." Anapukuta mpando ndi dzanja. "Chabwino, mwapambana. Khalani ndimate msanga odwala asanalowe. Mukadzuka pamenepa muli mmene munalili m'mawa. Palibe chachitika, nkhani yathera m'chipinda muno."

Apa ndi pamene Sisita anazindikira chimene anachita. Maola atatu onse aja, ndi ululu wonse uja, anakhala akukwirira ndi manja ake mlandu wa munthu amene anamupala mano atagona. Akangokhala pampandopo, guluu n'kuuma, ndiye kuti mawa akanena adzamuyesa wamisala. Abale ake adzamuyang'ana m'kamwa n'kumufunsa kuti nanga chavuta n'chiyani, si mano ako omwewa? Adzatsala yekha ndi lilime lake, akudziwa. Zinamunyansa kuposa fungo la dzino lopsa lija.

Anatenga kabotolo kopanda kanthu pashelefu, anathiramo mano anayiwo, anatseka, n'kuika m'thumba la yunifolomu.

"Amata dokotala wina," anatero. "Ndipo ayamba wajambula mmene mwandisiyiramu."

"Musachite zachibwana. Mukudziwa zimene angandichite akamva? Angandilande chiphaso!"

"Ndikudziwa. Ndagwira ntchito muno zaka 19."

"Ndiye mudya chiyani? Chipatala chino si chathu tonse?"

"Kamwa inali yanga ndekha."

Mlamu wake anathamangira kudirowa n'kubwera ndi chophimba pakamwa, mawu atasintha, atafewa ngati a munthu wina. "Alamu anga, valani kaye ichi. Za m'banja sitionetsa anthu. Tikhala pansi madzulo tikambirane ngati anthu akuluakulu."

Sisita anachilandira, anachipinda bwinobwino, n'kumubwezera m'manja.

Wotchi ya pakhoma inali pa 4 koloko. Pakhonde anthu anali atafika kale, akudzikupiza ndi timabuku tawo tachipatala. Panali bambo wina atagwira tsaya, mayi ndi mwana wake wamkazi, ndi mphunzitsi wina wachitsikana amene sabata yatha anadziona pakompyuta n'kuvomera kuti amupale mano sikisi. Sisita anadutsa pakauntala, Adokotala akumuitana kumbuyo ndi mawu otsika, ndipo kwa nthawi yoyamba pazaka zambiri sanamutche Sisita, anati mayi. Iye sanacheuke. Anachotsa loko, n'kutsegula zitseko zonse ziwiri.

Mpweya wa panja unamumenya kumaso ngati wa mu uvuni. Anatsegula kamwa, ululu unakwera mpaka m'maso, koma anamwetulira mpaka mapeto, mlomo wam'mwamba utakwera.

"Mwaswera bwanji nonse? Pepani takudikiritsani padzuwa."

Bambo wa tsaya uja anatsitsa dzanja. Mayi uja anakokera mwana wake pafupi. Mphunzitsi anaimirira theka, maso ali pakamwa pa Sisita, dzanja lake likupita lokha pakamwa pake.

"Sisita, mwatani? Mwachita ngozi?"

"Ayi, aphunzitsi. Ndinakhala pampando masana ano kuti andimate kachibenthu kamodzi. Enawa Adokotala anaona okha kuti akufunika, sanandifunse." Anatembenuka n'kuloza m'kati, kumene amuna ake anaima pakhomo la chipinda chawo, magolovesi ali m'manja. "Ali okonzeka. Woyamba ndani?"

Palibe amene anasuntha kulowa.